Lichero Lopindika

Ndikakumbukira agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, ndimamva fungo la nsungwi zaziwisi zongong'amba kumene. Ankalukira madengu anthu othyola tiyi pa esiteti ya kufupi ndi kwathu ku Khonjeni, uku akuimba mluzu mpaka kutisokosera. Koma agogo aakazi atamwalira mu 1998, mluzu unatha. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana mizere ya tiyi, osasamba, osayankha moni, chakudya n'kumazizira pambali pawo mpaka nkhuku kujompha.

Poyamba tinkawamvera chisoni, kenako tinatopa nawo, mapeto ake tinayamba kuchita nawo manyazi. "Malungo alibe, thupi silikuwawa, ndiye akudwala chiyani? Akuchita dala basi," ankatero mayi, koma misozi ili m'maso. Kukabwera alendo, ine ndinkatumidwa kukawakhazika kuseri, ku nthochi.

Chinkhoswe cha achemwali anga a Esinati chitayandikira, tinadabwa kuona agogo akung'amba nsungwi. Analuka masiku asanu, ndipo lichero linatuluka lopindika ngati chipewa chimene munthu wachikhalira. Tsiku la chinkhoswelo anasamba okha n'kuvala jekete. Mayi anandinong'oneza, "Akuchimuna ndi aphunzitsi a ku boma. Apititse agogo ako kuseri, angayambe kulira pagulu."

Ndinawagwira dzanja, sanakane. Titafika ku nthochi anandipatsa lichero lija. "Ukampatse Esinati pamaso pa anthu. Ukanene kuti ndaluka ndine."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, diresi latsopano lili m'thupi. Ndinaganiza za anzanga akundiseka, ndipo nditazungulira pomwe agogo sakanandiona, ndinalikankhira pansi pa masamba ouma. A Esinati anapatsidwa lichero logula kumsika.

Alendo atabalalika, agogo anandifunsa, "Walandira?"

"Alandira, agogo. Akondwa kwambiri."

Anamwetulira, koyamba chaka chonsecho.

Patatha sabata kunabwera amayi a kutchalitchi, agogo n'kukhazikidwanso ku nthochi. Nditapita kukawatenga ndinawapeza lichero lili pamiyendo, chiswe chitalidya mbali imodzi, iwo akulichotsa dothi ndi chala. Sanandikalipire. Anangofunsa, "Alendo apita? Ndingabwere tsopano?" Sanagwirenso nsungwi mpaka imfa yawo.

Lero ndikudziwa kuti amene aja anali matenda, ndiponso kuti kuchipatala akanathandizidwa. Manyazi amene ndinkachita ndi iwo, pano ndimadzichitira ndekha. A Esinati ali ndi zidzukulu tsopano, koma sadziwa kuti agogo anawalukira kanthu. Ndayesa kangapo kuwauza, koma ndimangoyamba nkhani ina.