Ndinatsala pang'ono kufera diresi la eni ake

Chizindikiro choyamba chinali chizungulire. Unali mwezi wa Juni, tikuthothola mtedza pakhomo kwathu ku Mlonyeni. Nditaimirira kuti ndisenze dengu, m'maso munachita mdima. Ndinakhalanso pansi osauza munthu. Ine ndinakula choncho, wosalankhulalankhula. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi.

Ukwati wanga ndi Lameki unali woti uchitike mu Seputembala. Mchemwali wake, a Esinati, omwe amachita geni ya zitenje pa boda, anabweretsa diresi lomwe anavala iwo pa ukwati wawo ku Chipata. Anati mkazi aliyense wolowa m'banja lawo amavala lomwelo, ndipo telala saligwira. Nditayesa, zipi inakanira pakati pa msana.

"Iii, alamu, mumadya ndi za anzanu zomwe? Diresi ili silinakanepo munthu. Chepetsaniko thupili, musakatichititse manyazi kutchalitchi," anatero akuseka.

Anandiuza kuti ndisiye nsima, mbatata ndi mchere, ndizingodya timasamba towiritsa, njala ikandigwira ndizimwa madzi. Anati madzi amasungunula mafuta. Ndinatsuka chigubu chachikulu cha mafuta ophikira, n'kumachidzaza m'mawa. Dzuwa lisanapendeke chinkakhala chatha, ndipo ndinkadzazanso. Agogo ndinkawauza kuti ndadya kale kwa anzanga.

Thupi linachepadi. Koma mutu unayamba kuwawa tsiku ndi tsiku, miyendo inkakokana, ndipo ndinasiya kupita kumwezi. Nditawauza alamu anati ndi zoipa zikutuluka, ndiwonjezere madzi. Pamjigo amayi ankasiya kucheza ndikafika. Wina ndinamumva akunong'ona kuti, "Zayamba za amake zija." Amayi anga anamwalira ataonda kwambiri.

Kumayambiriro kwa Ogasiti ndinayamba kusanza. Agogo akuti ndinkalankhula zosamveka, kenako ndinagwa n'kuyamba kugwedezeka thupi lonse. Anandinyamula pa njinga yamoto mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu. Za ulendowo sindikumbukira kanthu.

Ndinatsitsimuka ndili ndi diripi pamkono. Anandiyeza malungo, mimba ndi kachirombo, zonse osapezeka. Adokotala atafunsa zomwe ndinkadya ndi kuchuluka kwa madzi omwe ndinkamwa, anavula magalasi.

"Mayi, madzi ndi abwino, koma inu mwasukuluza nawo magazi. Mchere wachepa kwambiri m'thupi, chikhalirecho simumadya. Mukanachedwa, ubongo ukanatupa, bwenzi pano tikukamba zina."

Anandiletsa kumwa madzi ambiri, ndipo mchere ankaubwezera pang'onopang'ono kudzera mu diripi. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera kudzayeza BP ndi kutenga magazi, ife n'kumadikira adokotala mpaka masana. Odwala anali ochuluka, ena akugona pansi. Agogo ankaphika phala la mtedza kumalo ophikira agadiyani, n'kubwera nalo kuwodi. Tsiku lina anaika mbale pabedi n'kunena kuti, "Ndinaika amako m'manda ali ngati ndodo, osafuna okha. Iwe ukuchita kuzifuna?" Phalalo ndinamaliza lonse.

Nditayamba kukhala tsonga, a Esinati anabwera kudzandizonda limodzi ndi Lameki. Atandipatsa moni anandigwira mkono, n'kuzunguliza zala zawo pamkonopo.

"Pepani ndi matendawa, alamu. Komabe mwatsika bwino, panopa lilowa basi."

Moyo wanga wonse ndinali ndisanayankhepo munthu wamkulu. Tsiku limenelo ndinayankha.

"Alamu, diresi lanu katengeni. Ine sindivala. A Lameki, ngati mumafunsira diresi, lilipo, silinadwale. Ine ndikudya."

Amayi a bedi loyandikana nalo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako Lameki anati, "Idyani. Za diresi ndikakamba ndi akwathu."

Ananditulutsa mwezi womwewo, ndipo ndinkabwerera kukayezedwa magazi ndi kukwera sikelo. Mphamvu zinachedwa kubwera. Ndowa ya madzi ndinadzaisenzanso mu Okutobala, ndipo kumwezi ndinayambiranso kupita nthawi yomweyo. Ukwati unasunthidwa kufika mu Novembala. Diresi anandisokera telala wa ku Ludzi, atandiyeza ine mmene ndilili. A Esinati sanabwere ku ukwatiwo, ndipo mpaka lero moni wanga amayankha moyang'ana kumbali. Sindinapite kukapepesa, ndipo sindidzapita.

Pano ndili bwino. Ndimalima, ndimadya katatu, madzi ndimamwa ndikamva ludzu komanso ndikatuluka thukuta kumunda. Anamwino anandiuza kuti wofuna kuchepetsa thupi azichepetsa chakudya pang'onopang'ono, osati kuchisiya, ndipo ayambe wafunsa kuchipatala.

Ngati mwayamba njira ngati yangayi ndipo mukumva chizungulire, mutu wosatha, nseru kapena kukokana kwa miyendo, musadikire kugwa ngati ine. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene zonse osabisa. Wokuuzani kuti mupirire, mufunseni ngati adzagone nanu pabedi la m'wodi.