Tsiku Lomwe Kompyuta Inakomoka ndi Mawu a Mkazi Wanga

Kaseti ya kwaya ya amayi a ku Chilomoni, momwe malemu mkazi wanga ankaimbamo, inatha tsiku lomwe tinkaisamutsira mu kompyuta. Nyimbo yomaliza itangotha, wailesi inatafuna tepi yonse ngati mbuzi yapeza pepala. Kompyuta nayo inauma gwa, osamva batani lililonse.

Ine ndinalunjika ku soketi. Mwana wanga wachisamba, yemwe amadyera za makompyuta m'tauni, anandigwira mkono.

"Ababa, musazimitse! Nyimbo zija sizinakhazikike pa disiki. Mukazimitsa, amayi apita kachiwiri."

Ndinabwerera pampando. Malata ankathetheka ndi dzuwa la Okutobala, phiri la Michiru likuyandama mu utsi ngati likufuna kusamuka.

Mwana wangayo analumikiza laputopu yake kumbuyo kwa kompyutayo ndi chingwe. Akuti kumbuyoko kuli kakhomo, ndipo pakhomopo pamakhala kapulogalamu kolondera komwe sikakomoka msanga. Mlonda ameneyu sumukuwira ayi. Umachititsa chingwe kukhala duu kwa nthawi yopitirira imene chilembo chimodzi chimatenga podutsa m'chingwemo, eni ake amati buleki. Akazindikira duu ameneyo, amamvera lamulo lotsatira.

"Ndiye mlondayo ndi mnzanga," ndinatero. "Amayi ako akati duu, ndinkadziwa kuti ndapalamula."

"Munkadziwa mawa lake, Ababa."

Anatumiza buleki, mlonda osayankha. Anatumizanso, zii. Anasuzumira mapulagi, nayesa liwiro lotumizira zilembo ngati likugwirizana mbali zonse. Kenaka anapeza kuti chingwe chake chapamsika chinkadula duu uja asanatalike, mlonda n'kumayesa ndi phokoso wamba, n'kutaya.

Ine tulo tinandiba. Ndinaona mkazi wanga atavala bulauzi yoyera ya kwaya, akuyenda mkati mwa chingwe chija ngati mumsewu wokwera kuchokera kumsika, dengu pamutu. Sankathamanga mayi ameneyo. Ngakhale mvula ikubwera kuchokera ku Ndirande, ankaponda mwakemwake, ine ndili patsogolo kudandaula.

Nditadzidzimuka, mwana uja anali atatsitsa liwiro la laputopu mpaka pansi penipeni. Akuti ukatero, chilembo chimodzi chopanda kanthu chimakwawa nthawi yaitali, mlonda wa mbali inayo n'kuchiyesa buleki. Anachitumiza, nabweza liwiro msangamsanga, nadina chilembo cholamula kuti zonse zilembedwe pa disiki.

Kamzere ka mawu kanatuluka pa laputopu. Kanyali ka disiki kanaphethira, kanaphethiranso, n'kupuma.

Apo m'pomwe anazimitsa kompyuta ija n'kuiyatsanso. Tinadikira, aliyense akuyang'ana kwake.

Kwaya inayamba. Pa ndime yachiwiri analowa mkazi wanga, mochedwerapo pang'ono monga mwa nthawi zonse, mawu ali pamwamba ngati nsalu yoyanika. Ndiye kumbuyo kwa tchalitchi kunamveka munthu akutsokomola mosaleka.

"Ababa," anatero mwana wanga akupukuta m'maso, "ameneyo ndinu. Mpaka m'nyimbo kusokoneza."