Mizere ya Agogo a Lazalo pa Bwalo la Mpira

Agogo a Lazalo akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo la fodya wa chingambwe losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini zosauma bwino, kenako phokoso la mpini wa khasu ukugogodedwa pamwala kuseri kwa khitchini, m'mawa wozizira wa ku Dedza, nkhungu itatsika m'phiri n'kuphimba malata a nyumba zonse za mu laini mwathu. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ndikadali m'bulangete, maondo ali pachibwano. Iwo anali atasukusula kale ndi madzi amene ife tinkaopa ngakhale kuwakhudza ndi chala, akukonza khasu lomwe linalibe munda woti likalime.

Anali bambo awo a mayi anga. Anabadwira kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, ndipo ali mnyamata anabwera kudzakwatira agogo aakazi m'mudzi wina wa m'munsi mwa Chongoni. Kwathuko mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anakhala pachikamwini mpaka imvi mbuu, anaswa mphanje, anazula zitsa, anamanga nkhokwe zomwe anthu ankabwera kudzaonera mamangidwe ake. Koma munda ndi wa mbumba, si wa mkamwini. Agogo aakazi atamwalira, tsitsi la maliro litametedwa, alongo awo a malemuwo anakhala pansi n'kuwasudzula, kutanthauza kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kumene anachokera. Nkhalamba zambiri zikasudzulidwa zimangokhalabe pakhomo pa ana awo aakazi. Tsoka la agogo linali lakuti mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, mayi anga, ndipo mayiwo anali ku Boma ndi bambo anga, amene ankagwira ntchito ya umesenjala. Munda unaperekedwa kwa mkazi wina wa m'mbumbamo. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Agogo anachedwa ndithu, koma anatererekabe.

Anafika kwathu m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasaland, atasenza mphasa ndi khasu, m'khwapa muli thadzi lakuda, chiweto chokhacho chimene anachoka nacho.

Nyumba yathu inali ya boma, ya zipinda ziwiri, yopanikizana ndi zinzake ngati mano. Vuto linayambira pakhomo pomwepo: mpongozi angagone bwanji denga limodzi ndi mkamwini wake? Agogo anakanitsitsa kulowa, anakayala mphasa yawo m'khitchini ya panja, pakati pa mafuwa ndi mtolo wa nkhuni. Bambo, munthu amene kuseka kwake kunkamveka mpaka nyumba yakumapeto, anasanduka mlendo pakhomo pawo. Akafuna kuzungulira kuseri ankayamba atsokomola kuti apongozi adziwe, akafuna kuwauza kanthu ankauza mayi ngakhale agogowo ali pomwepo akumva. Chakudya ndinkawapititsira ndine. Ankadya atayang'ana kukhoma, ankangotema pang'ono n'kubweza mbale.

“Agogo, sichikukoma?”

“Chikukoma, mdzukulu wanga. Kungoti chakudya chomwe sunachikhetsere thukuta chimaima pakhosi.”

Tauni sanaimvetse, ndipo nayo sinawamvetse. Pamsewu ankavulira chipewa aliyense n'kufunsa za kunyumba, ngakhale munthu wapanjinga amene wadutsa kale. Akamva kulira cha kuchipatala ankatsatira, n'kukakhala pamaliro a anthu osawadziwa mpaka kumanda, chifukwa kwa iwo munthu wamva mfuu sapitiriza ulendo. Amayi a pampopi ankatsinana akamadutsa. Ine ndinali kamtsikana ka sukulu, kodzimva kuti ndi ka pa Boma chifukwa kankadziwa kukoma kwa buledi, ndipo ndikawaona akubwera ndi mapazi awo ong'aluka ndinkaweramira m'ndowa ngati ndataya kanthu.

Itafika tchuthi yaikulu, mvula isanayambe, agogo anasintha. Ankachoka m'mamawa ndi khasu lawo n'kubwera dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mpaka m'nsidze, ndipo mbale inayamba kubwerera yopanda kanthu. Tsiku lina ndinawamva akuimba. Mayi anaganiza kuti apeza ganyu kumidzi ya kuseri kwa phiri, ndipo poona kuti bambo awo akuseka sanafune kufunsa zambiri. Thadzi lija linasowa, ife tinati mwina latengedwa ndi vumbwe.

Sizinali choncho ayi. Agogo poyendayenda anaona malo aakulu athyathyathya kuseri kwa mabulugamu, pafupi ndi sukulu yathu, udzu utauma, popanda wolima. Anafunsa mayi wina wotola nkhuni kuti mwini thengo limenelo ndani, nawauza kuti ndi aphunzitsi aakulu. Ndiye anachita monga munthu woleredwa bwino amachitira akafika m'mudzi mwa eni: anatenga nkhuku, anapita kunyumba kwa mwini malo, anakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. Aphunzitsi aakulu anali atapita kwawo kutchuthi. Akazi awo, amene anazolowera kulandira mphatso kwa makolo a ana, analandira thadzilo, anathokoza, n'kulowa nalo m'nyumba osamvetsera bwino zimene nkhalambayo inkanena. Kwa agogo nkhani inali itatha. Kumudzi nkhuku ikalandiridwa, munda waperekedwa.

Tsiku lotsegulira sukulu ndinamva phokoso ndikadali m'mabulugamu. Nditatulukira, ndinangoima. Bwalo lathu la mpira, kuchokera pagoli la kumtunda mpaka kudutsa pakati, linali mizere yokhayokha, yayitali, yonenepa, yopingasa bwino kutsetsereko monga ankafunira alangizi a zaulimi masiku amenewo. Kunena zoona, mlangizi akanaiona akanawapatsa mphotho. Mitengo ya goli anali ataizula n'kuiunjika pambali mwaulemu kuti mwini wake adzaipeze. Ndipo pakati pa zonsezo panali agogo anga, malaya atavula, akuunda mzere wina, akumwetulira ana onse amene anawazinga.

Aphunzitsi aakulu sanali munthu wankhanza. Anayandikira manja ali kumbuyo.

“Agogo, pepani. Pano ndi pa mpira. Ana amasewerapo.”

Agogo anaika khasu pansi n'kuvula chipewa. “Zikomo, bambo. Ana azisewera ndithu. Tikakolola, malo adzakhalapo.”

“Ayi agogo, salima pano. Ndi pa sukulu.”

“Koma nkhuku munalandira.”

Aphunzitsi aakulu anatembenukira kunyumba kwawo, kumene akazi awo anaima pakhonde atagwira pakamwa. Anyamata a makalasi a m'mwamba anayamba kudziluma milomo.

“Ndiye mukuti,” agogo anafunsa, ndipo sankanyoza, ankafunadi kudziwa, “dothi lonseli, labwino chonchi, ntchito yake ndi kungolipondaponda basi?”

Apo ndiye sukulu yonse inafa nacho chikhakhali. Mtsikana wina amene ndinkakhala naye benchi limodzi anandiloza n'kukuwa kuti ndi agogo ake a Rozina. Nkhope zonse zinatembenukira kwa ine. Agogo nawo anandiona, anakweza dzanja kundipatsa moni monga ankachitira ndi aliyense. Ndinamva kutentha kuyambira m'makutu mpaka m'mapazi, pa Dedza pozizira paja. Manyazi otero sindinawamveponso, ngakhale tsiku la chinamwali changa.

Aphunzitsi aakulu analamula anyamata kuti atenge makasu a sukulu asalaze mizereyo. Agogo anakana. Anati amene anaunda ndi iwo, agumula ndi iwo omwe. Masiku otsatira, tili m'kalasi tikuloweza mawerengero, pawindo pankaoneka msana wawo ukuwerama ndi kuweramuka, akugumula mzere umodziumodzi ndi kupondaponda dothi kuti likhale monga analipezera. Anadzalanso mitengo ya goli, yowongoka kuposa kale. Pofika nthawi imeneyo dzina langa la ubatizo linali litafa. Kusukulu, pampopi, mu laini monse, ndinali a Namizere. Ndinkafika kunyumba maso atatupa, ndipo khitchini ya panja inalibe chitseko choti munthu asamve mdzukulu wake akulira.

Chimene chinamaliza zonse chinali chifundo. Akazi a aphunzitsi aakulu, pomva chisoni, anatumiza mwana ndi nkhuku ina, yaikulu kuposa thadzi lija, kuti apepese. Mayi anailandira mokondwa. Agogo anaiyang'ana nthawi yayitali ili chigonere miyendo yomangidwa.

“Aibweza,” anatero.

“Bambo, akupepesatu,” anatero mayi.

“Mwana wanga, nkhuku ikabwerera, munthu amadziwa kuti amukana. Ku Chongoni andisudzula, kuno andibwezera nkhuku. Ndikadikira kachitatu ndiye kuti ndine wogontha.”

Madzulo a tsikulo, dzuwa likadalipo, nkhani inakambidwa pakhomo la khitchini. Mayi anakhala pansi pafupi ndi agogo, bambo anaima kuseri kwa khoma, mawu awo ankadzera mwa mayi. Bambo anati apongozi akhale, chakudya chilipo, chipatala chili pafupi, za mpirazo anthu aiwala. Ankanena zochokera pansi pa mtima, ndikudziwa. Agogo anati apita kutsidya, kumudzi kumene anabadwira, kwa zidzukulu za mlongo wawo.

“Kumeneko akukudziwani ndani?” mayi anafunsa akulira. “Munachokako mulibe ndevu. Amene ankakudziwani onse ali kumanda.”

“Sakundidziwa, n'zoona. Koma ndikakatchula mfunda wanga akandionetsa poika khasu, ngakhale pamiyala. Kuno aliyense ndi waulemu, koma palibe amene akudziwa chochita nane.” Kenako anandiyang'ana ine. “Ndipo mwanayu ali ndi dzina lake. Alibwezeredwe.”

Ine sindinawaletse.

Tinawaperekeza Loweruka m'mawa, ine ndi mayi, mpaka pamene msewu umathera n'kuyamba kanjira kolowera kumalire. Anasenza mphasa ndi khasu. Nkhuku ija anaisiya, anati si yawo. Posiyana anandigwira mutu ndi dzanja lawo lokhakhala ngati khungwa, n'kunena kuti ndizipereka moni kwa anthu ngakhale asandiyankhe. Anatsetsereka osacheuka, ndipo nkhungu inawameza asanafike pamtsinje.

Zimene zinachitika titabwerera kunyumba ndi zimene zimandiluma mpaka lero. Palibe amene ananena choipa. Mayi anasesa m'khitchini n'kubwezera thumba la chimanga pamene pankakhala mphasa. Bambo anazungulira kuseri osatsokomola. Madzulo tinapha nkhuku ija, ndipo tikudya bambo anaseka nthabwala ina ya kuntchito, kuseka kwawo kwakale kuja kofika nyumba yakumapeto. Mayi anaseka nawo, maso akadali ofiira. Ine ndinapempha chiwalo china. Nyumba yonse inapuma, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Tinkawakonda, ndipo tinapuma.

Patapita mvula zingapo, bambo wina wogulitsa mbatata wochokera kutsidya anatiuza pamsika kuti a Lazalo anamwalira, anaikidwa kale. Anati anawapatsa kamunda ka m'mbali mwa phiri, ka miyala, ndipo anakasandutsa munda weniweni. Mayi anafunsa ngati pamaliro panali anthu. Bamboyo anati analipo ndithu, koma ambiri ankafunsana kuti malemuwo anali ndani.

Lero nkhalamba ndine. Ndikukhala ku Lilongwe kwa mwana wanga wamkazi, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, pabwalo ponse anathirapo simenti. Anansi sindikuwadziwa mayina, ndimangodziwa mitundu ya magalimoto awo. Ndikapereka moni pamsewu, achinyamata amachotsa zomvera m'khutu n'kundiyang'ana ngati ndikupempha. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino kwambiri, amanditchula amayi, amafuna tizidyera tebulo limodzi, ndipo ine chakudya chimakana kutsika iye akundiyang'ana. Adzukulu anga anzawo akabwera amandilonjera mwaulemu, kenako amatseka chitseko cha chipinda chawo mwakachetechete, ndipo ine ndimaudziwa ulemu umenewo chifukwa ndinauperekapo.

Mwana wanga akuti ndisankhe: ndikhaziketu kuno, kapena ndibwerere kumudzi asanayambe kukonzetsa denga la nyumba ya kumeneko. Ine pobwerera ndili napo. Munda uja wa m'munsi mwa Chongoni unazungulira m'mbumba n'kudzagwera mayi, tsopano ndi wanga, chifukwa ndine mkazi wa pamudzipo. Mwambo womwewo umene unachotsa agogo ndi umene ukundisungira malo, pa dothi lomwe zitsa zake anazula ndi iwo. Ndikaliganiza limenelo ndimasowa poyang'ana.

Ndasankha kupita. Mwana wanga walira, ndipo misozi yake ndi yeniyeni, monga inalili ya mayi. Ndangomupempha chinthu chimodzi, kuti akandikweza basi asandiimbire foni madzulo a tsiku limenelo, adikire kuche. Iye akuganiza kuti ndikufuna kupumula ulendo. Sindinamuuze kuti ndikuopa kumva, kumbuyo kwa mawu ake, nyumba ikuseka.