Atitulira ana a Bruno pakhonde

Mwaswera bwanji nonse. Tiwayamike amalume, banja lakula lero.

Paja a zaziweto atabwera pa Thuchila kudzafula agalu, amalume anakana kupititsa Bruno. Ankati galu wofula sauwa akuba. Chabwino. Mlonda wathuyo miyezi yonseyi wakhala akugona ku Chinakanaka kwa zibwenzi, nkhuku zathu n'kumabedwa popanda wouwa.

Ndiye lero m'mawa mayi a Esinati, ogulitsa mandasi aja, afika ndi beseni pamutu. Ine ndimati ndi mandasi. Kutula pakhonde, tiana ta galu tisanu, tonse banga loyera pamphuno ngati Bruno. Akuti, "Mnyamata wanu wawononga kwathu, lerani."

Amalume osachita manyazi, akuti, "Mayi, kuno n'kwa chikamwini, ana ndi a kuchikazi." Mayiwo angoti, "Ndiye mkamwiniyo abwere azidzalima," n'kunyamula beseni lawo, ulendo.

Panopa tianato tikulira pansi pa bedi la amalume. Bambo wawo, Bruno, watulukanso.

Abale, a zaziweto akubweranso Loweruka. Timupititse Bruno, kapena tidikire beseni lachiwiri?