Geji Imene Amalume Anachiritsa

Bambo atamwalira anatisiyira pikiapu yakale ya dizilo, yonunkha usipa mpaka m'mipando. Ndiyo inkatidyetsa. Amayi ankagula nsomba kudoko kwathu ku Lifuwu, bambo n'kumawapititsa m'misika ya kumtunda. Pakhomo pathu mwana wamwamuna panalibe, ndiye ine woyamba kubadwa ndinakula ndikuwapatsira bambo masipanala. Maliro atangotha, makiyi anatenga amalume, alongo awo a amayi. Ati mwini mbumba ndi iwo, ndipo galimoto siyendetsedwa ndi munthu wovala chitenje. Ine anandisiyira kuitsuka ndi kuiliza m'mawa kuti itenthe.

Tsiku lina, nsomba za ku chilumba cha Mbenji zitangoyamba kutsika, tinapakira madengu a utaka wouma kuti tikagulitse ku Chitala. Nditaliza injini, muvi wa geji ya oyilo, yoonetsa mphamvu imene pampu ikukankhira oyiloyo, unakwera pang'ono, koma injini itatentha unatsika n'kugona pansi. Bambo ankati geji zina ukhoza kukangana nazo, koma iyi ikagona uzimitse kaye, mafunso pambuyo. Ndinazimitsa. Nditayeza oyilo ndinapeza alimo wokwanira.

Amalume sanasuzumire n'komwe. Ati ndi makoswe. Kwathu kunyanja galimoto yonyamula nsomba ndi nyumba ya makoswe, ndipo akatopa ndi mitu ya usipa amatafuna mawaya. Nyale ikazima, ndi makoswe. Hutala ikasiya kulira, ndi makoswe. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, n'chifukwa chake anthu anasiya kuganiza.

Ndinatsegula boneti n'kutsata waya ndi zala, kuchokera kuseri kwa geji mpaka pa kachitsulo komangidwa pa injini, kamene bambo ankakatcha swichi ya oyilo. Panalibe pamene panadutsa dzino. Ndinapala dzimbiri polumikizira, koma muvi osadzuka. Kenako ndinachita zimene bambo anandiphunzitsa. Ndinatsegula kiyi, ndinazula waya pa swichi paja n'kuugunditsa pa chitsulo cha injini. Muvi unalumpha mpaka pamwamba penipeni. Tanthauzo lake ndi limodzi basi: geji ndi waya zili bwino. Vuto linali swichiyo, kapena choopsa kwambiri, pampu yasiya kukankha oyilo. Panafunika makaniko wa ku Salima adzayeze ndi geji yake. Tsiku limodzi lokha.

Kupusa kwanga kunali kuchita zimenezi amalume akuona.

“Basi, yachira,” anatero. “Mangirira waya ameneyo pomwepo.”

Ndinawafotokozera mwaulemu, manja kumbuyo, kuti waya akakhala pachitsulo muvi uzingoloza pamwamba ngakhale mu injini mutakhala mchenga. Anaseka. Ati iwo anayamba kukwera galimoto ine ndisanabadwe, ndipo mwana wamkazi akaphunzira mayina awiri a zitsulo amayesa wasanduka injiniya. Ndinatembenukira kwa amayi. Utaka wawo unali wouma, abale, ukanadikira ngakhale sabata. Amayi anayang'ana madengu, anayang'ana alongo awo, kenako anayang'ana pansi.

“Amvere amalume ako,” anandiuza.

Mtima unandipsa. Koma amalume atatambasula dzanja, sipanala ndinawapatsa ndine. Anamasula bawuti, anapanikiza waya pansi pake, n'kumanga gwa. Muvi unaima pamwamba ngati msilikali, iwo n'kumaitana anthu odutsa kuti adzaone mmene akuluakulu amakonzera zinthu.

Amalume ndi amayi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo pamadengu. Tinadutsa m'minda ya mpunga, tinadutsa Salima, ine khutu lili pa injini. Ndinayamba kudzitonthoza kuti mwina ndi swichi chabe. Titayandikira Chitala ndinamva kugogoda, poyamba pang'onopang'ono, kenako ngati munthu akukhoma msomali m'chitini. Ndinamenya denga ndi zikhatho, ndikukuwa kuti aime. Amalume anangotembenuka, n'kuloza geji yawo ndi chala kudzera pagalasi, n'kuponda moto. Sitinafike patali. Injini inalira koipa kamodzi, kenako zii, galimoto n'kukaima yokha m'mbali mwa munda wa chimanga.

Makaniko ataimasula injiniyo anati yanoka, mkati monse mwapsa. Swichi inali yabwinobwino. Sefa ya pampu ndiyo inatsekeka ndi matope a oyilo wakale. Anandionetsa, kanthu kokwana m'chikhatho, n'kunena kuti kukanangotsukidwa ndi petulo basi. Geji inanena zoona m'mawa uja, ife tinaitseka pakamwa.

Pikiapuyo tinachita kuikoka ndi lole. Ili kuseri kwa nyumba, pamiyala, ndipo makoswe aja tsopano alowadi, adya mawaya onse. Amalume anadzabweza makiyi, ati katundu wa bambo ako uyu, usunge. Pamene inali kuyenda sinali ya bambo anga. Mpaka lero akamakamba nkhaniyi pamaliro kapena paukwati amati galimoto zakale ndi zachinyengo, yafa geji ikuonetsa bwinobwino. Anthu amavomereza. Ine ndimadzuka n'kuchokapo, chifukwa ndikatsegula pakamwa adzati ndine wamwano.

Amayi tsopano amasenza dengu limodzi kupita kumsewu kukadikira matola, pamene kale ankanyamula khumi. Khosi limawapweteka. Za tsiku lija sitinakambepo kwa nthawi yaitali, mpaka m'mawa wina ndikuwasenzetsa anaima, dengu lili m'malere, n'kundiyang'ana m'maso.

“Iwe unkadziwatu. Unalekeranji kukakamira?”

Ndinafuna kuwakumbutsa mawu awo. Ndinafuna kulira. Ndinangowakonzera nkhata, n'kuwasenzetsa dengulo pamutu.