Mwendo wa Sajeni Maluwa

Inu amene mwagwira m'chibwano n'kumati zanu zada, tamvani za a Gladson Maluwa.

M'chaka cha 1988 anatsika basi pa Mbulumbuzi ndi ndodo ziwiri m'khwapa, mwendo wakumanzere wa buluku utapindidwa n'kumangidwa ndi phini. Munthuyu anali sajeni pakati pa asilikali olondera njanji ya ku Nacala, ku Mozambiki. Anaponda bomba lokwiriridwa, usilikali n'kuthera pomwepo.

Kwawo kunali ku Mpama, koma ankakhala chikamwini kwa akazi awo, a Idesi. Ndipo mukudziwa nokha, mkamwini amayesedwa ndi khasu. Malume a akazi awowo, a Dickson, omwe anali eni mbumba, sanazungulire.

"Akamwini, chisoni takumverani. Koma chisoni sichipalira chimanga. Mukalephera kudyetsa anawa, njira ya ku Mpama mukuidziwa."

Mawuwo anawalasa mumtima. Ana atatu ndi mkazi amene ankamukonda, akanawasiya bwanji?

Munda wakumtunda unawakanika. Ankati akakweza khasu, phi, chagada. Ndiye anatsikira kudimba, m'mbali mwa kamtsinje kolekanitsa mudzi wawo ndi wa tsidya. Ankalima chokhala pa kampando, n'kumadzikhwekhwereza nako. Chaka choyamba tomato anapserera ndi matenda. Chachiwiri mbuzi zinasesa mpiru wonse. Chachitatu a Idesi anayamba kusenza madengu kupita kumsika, ndipo a Dickson anayambanso kuyankha moni wawo bwinobwino.

Kenaka chinafika chilala cha 1992. Kamtsinje kaja kanaphwa, n'kutsala dziwe limodzi lokha. A tsidya anakumba ngalande yokokera madziwo kumadimba awo. Tsidya lino ndiwo zinayamba kufota, za a sajeni zomwe.

M'mawa wina amuna a m'mudzimo anafika pakhomo pawo atanyamula zikwanje ndi mipini, a Dickson ali patsogolo.

"Lero ndi tsiku lanu, akamwini. Nkhondo mumaidziwa ndinu. Tiuzeni polowera, tikawaswe."

Apatu panali povuta. Kuvomera, akanakhala munthu pamudzipo mpaka kalekale. Kukana, kunali kudzimangira okha katundu. Anachita mantha, tisanamizane.

"Nkhondo iyayi, apongozi. Za madzi tikambirane nawo."

A Dickson anatembenukira gulu lija. "Mwamva? Wobwera akutilamula pamudzi pathu. Mkamwini asamakule mwendo."

"Mwendo wake uti, apongozi? Wina ndinausiya ku Mozambiki. Wotsalawu ndi uwu, wowondawu."

Ena anaseka. Koma kusekako kunaduka pamene a Maluwa anamasula phini, n'kukwinya buluku, chitsa cha mwendo n'kukhala poyera. Ngakhale ana awo anali asanachionepo.

"Nkhondo ndi imeneyi," anatero motsitsa mawu. "Amene anakwirira bombalo sandidziwa, inenso sindimudziwa. Nanga inu mukakatema wa tsidya, amene mumakhala naye benchi limodzi m'tchalitchi, Lamulungu mudzakhala pati? Ife anatituma kulondera njanji kuti sitima idutse, anthu adye. Ntchito ya msilikali ndi imeneyo, kulondera. Ndipatseni lero lokha. Ndikalephera, ndilongedza ndekha."

Anawoloka okha, ndodo zikutitimira mumchenga wotentha. A tsidya anawalandira ndi nkhope zakuda, koma munthu wa mwendo umodzi, wopanda ndi kampeni komwe, ungamumenye bwanji? Anakhala nawo pansi mpaka dzuwa kupendeka.

Nzeru yawo inali ya kuusilikali, yosinthana ngati alonda. Ngalande ikwiriridwe. M'mawa atunge a tsidya ilo, masana a tsidya lino, aliyense ndi ndowa yake.

"Nanga wotiyang'anira ndani?" anafunsa mkulu wina wa kumeneko. "Inu si a tsidya lomwelo?"

"Ndiyang'anira ine. Dimba langa lizithiriridwa pomalizira penipeni. Mukadzaona ndakondera, mudzandilande ndodozi."

Miyezi inayi yathunthu a Maluwa anakhala pa dziwe paja, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Anapachika khasu lakutha mumtengo, n'kumalimenya nthawi yosinthana ikakwana. A tsidya ilo anawatukwana, a tsidya lino nawonso anawatukwana. Theka la dimba lawo linauma, ndipo zinawawawa kwambiri. Koma palibe amene anatemedwa, ndipo m'midzi yonse iwiri ndiwo sizinasowe.

Anthu a mbali zonse anawasankha kukhala tcheyamani wa alimi a madimba. Posakhalitsa, pakabuka mkangano wa malire kapena madzi kufikira ku Milepa, ankatumiza njinga kudzawatenga.

Mvula itagwa, a Dickson anatulukira pakhomo paja atanyamula mbande zisanu za mango. Tsono kwa inu osadziwa, mkamwini sathamangira kudzala mitengo kwa eni, poti sadziwa ngati zipatso zake adzazilawe.

Mkuluyo anaika mbandezo pansi, n'kukhosomola kaye.

"Akamwini, kumbani maenje kuseri kwa nyumbaku. Mango amachedwa kubereka, koma inu muli konkuno."

A Maluwa anayang'ana mbandezo, misozi ili mbwembwembwe. Anali a Idesi amene anathamangira khasu.

Ndiye inu, kaya mwataya chiyani, yang'anani chimene chakutsalirani. Ena adzakukakamizani kugula ulemu ndi chikwanje. Kanani, ngakhale kukanako kukuikeni pamphepete. Gwirani ntchito imene ili patsogolo panu, mwina chokhala, mwina chokwawa, koma muigwire mokhulupirika. Musataye mtima, abale anga, malo anu alipo.