Nsambo za Bambo a Lute

Chaka chimene feteleza anatithawa, matipate atangobwera, ndinauza bambo a Lute, amuna anga, kuti ndikupita ku Lusaka kukachapira anthu. Anangoti pitani. Ndinapita ine, gogo wa zidzukulu kale, chitenje m'chiuno, ulendo ulendo.

Ku Lusaka sopo analipo, wocheza naye panalibe. Kangachepe ndinkatumiza kudzera mwa amayi a geni odutsa pa malire a Mwami. Poyamba ankabwera ndi moni wa bambo a Lute. Kenako ankangoti onse ali bwino, maso ali kumbali. Ndinayamba kuopa kuti malo anga kwathu ku Mkanda akutha.

Mchimwene wa madamu amene ndinkawachapira ankaimba gitala akuyang'ana pepala. Ine zilembo zimandithawa, koma manambala ndi anzanga. Anandionetsa: mizere isanu ndi umodzi, nsambo zisanu ndi imodzi. Mzere wapamwamba ndi kansambo kowonda, ngakhale pagitala kamakhala pansi. Nambala ndi mpata wopanikiza chala. Ziro, ingokhudzani osapanikiza. Manambala akasanjikizana, menyani pamodzi. Ndinaphunzira nyimbo imodzi ya tchalitchi, zala zotupa ndi madzi, koma inatuluka, inatuluka ndithu!

Bambo a Lute ndi a banjo ya chigubu, ine woimbira wawo kuyambira utsikana. Ndinati ndiwagulire gitala yakale, ndikawaimbire ya papepala, aone kuti mkazi wawo sanangochapa.

Nditafika nayo kumudzi analandira gitala ndi manja awiri, nakhala pakhonde kupotokola nsambo mpaka mtima wawo unakhazikika. Ndinayala pepala pabondo. Chala pa fili, chala pa thuu, zonse m'malo mwake, koma nyimbo inatuluka yopunduka. Ndinabwereza. Chimodzimodzi.

"Mwaononga nsambo," ndinatero.

"Sindinaononge, amake Lute. Ndachuna."

Pepala limakhulupirira kuti gitala zonse zimachunidwa mofanana. Kwathu kuno mwamuna amakunga nsambo potsata mawu a womuimbira. Anga ndi apansi, okhuthala. Ndinawauza ayambe nyimbo yathu ya paukwati. Anayamba. Ndinatsegula pakamwa, khosi silinafikeko. Inali pamwamba, pamwamba zedi.

Kuseri kwa nkhokwe, kumene mayi wina ankapeta mtedza wathu, kamawu kowonda kanailandira bwinobwino, osaphonya.

Ndinafunsa kuti ameneyo ndani. Bambo a Lute anayang'ana nsambo.

"Ndi Nangozo. Amatithandiza."